Kodi Ana Tiwatsekere M'mapiri Mpaka Dziko Litakhala Pansi?

Nkhani imene ndafuna kuti tikambirane m'gawo lino idabadwira pakhonde la apongozi anga kumapiri a ku Ntchisi, m'mwezi wa Disembala chaka cha 2024. Sukulu zidali zitangotsekera, ndipo ine ndi akazi anga tidagwirizana zoti titenge ana athu awiri, mtsikana wa zaka 10 ndi mnyamata wa zaka 6, tikawaonetse mzinda wa Lilongwe. Ulendo wake sudali wa masiku ayi: kulawira m'mawa, kukaona Nyumba ya Malamulo ndi chiliza cha Kamuzu, kugula nsapato za kusukulu, ndi kubwerera dzuwa lisanalowe. Koma kwathu kuno mkamwini sangonyamula ana ngati akunyamula katundu wake. Ana ali ndi eni ake, ndiwo a kuchikazi. Tsono tidapita kukatsazika.

Apongozi adamvetsera mpaka ndidatsiriza. Poyankha, monga mwa ulemu wathu, sadayang'ane ine koma mwana wawo, nati: "Uwauze aphunzitsiwa kuti kunjaku kwaipa. Ngati pali nsapato zogula, ayeze mapazi a ana ndi kaluzi apite okha. Anawa akhale." Alamu anga, amene ndiwo atsibweni a anawo, adasolola lamya m'thumba nandionetsa kanema wa anthu akuthawa utsi, galimoto zikuyaka pakati pa msewu, sitolo zikuswedwa. "Alamu, taonani nokha. Kodi uku nkopita ndi ana?" Nditawafunsa kumene kanemayo adajambulidwa, adati adangomlandira pa WhatsApp m'mamawa. Ndidayang'anitsitsa, ndipo ndidaona kuti zikwangwani za pa sitolozo zidalembedwa m'Chipwitikizi. Kudali ku Mozambique, kumene anthu ankachita zipolowe pokana zotsatira za chisankho cha pa 9 Okutobala chaka chomwecho.

Munthu amene adapitako kusukulu amafulumira kuseka mantha a makolo ake, ndipo ndivomere kuti tsiku limenelo chiseko chidali pafupi kunditulukira. Ndikuthokoza kuti ndidachimeza, pakuti mantha amenewa ali ndi mizu yake. Apongozi angawo adakula m'masiku amene amuna a m'midzi yathu ankalembedwa ntchito ndi Wenela kupita ku migodi ya ku Joni. Ena ankabwerako ndi njinga, wailesi ndi masutikesi. Ena adatchona mpaka lero, ndipo manda awo sadziwika. M'chaka cha 1974 ndege ya Wenela idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana nkupha anthu oposa 70, ambiri a iwo Amalawi amene ankabwerera kumudzi. Kwa mayi amene adakula akumva maliro otere, msewu ndi chinthu chimene chimatenga anthu popanda kulonjeza kuti chidzawabweza.

Ngakhale ife a mbadwo uno tili nazo zathu zokumbukira. Pa zionetsero zimene zidayamba pa 20 Julaye 2011, ine ndikadali kusukulu ya ukachenjede, anthu 20 adataya miyoyo m'mizinda yathu. Chitatha chisankho cha pa 21 Meyi 2019, mzinda wa Lilongwe udakhala miyezi yambiri wosapuma: misewu kutsekedwa ndi miyala ndi matayala oyaka, sitolo kuswedwa, utsi wokhetsa misozi kulowa ndi m'nyumba za anthu osalakwa zomwe. Ku Msundwe, pa msewu wa ku Mchinji, wapolisi adaphedwa m'mwezi wa Okutobala chaka chimenecho, ndipo nkhanza zimene amayi ndi atsikana a kumeneko adachitidwa pambuyo pake zidafika mpaka ku khoti lalikulu, limene mu 2020 lidalamula kuti apatsidwe chipepeso. Ku South Africa, kumene mabanja ambiri kuno ali ndi abale, anthu 62 adaphedwa mu Meyi 2008 pa ziwawa zolimbana ndi alendo. Mu 2015 boma lathu lidachita kutumiza mabasi kukatenga anthu athu ku Durban. Ndipo mu Julaye 2021 anthu oposa 350 adafa pa zipolowe za ku KwaZulu-Natal ndi ku Gauteng. Wonena kuti palibe choopa ndiye kuti sawerenga nyuzipepala.

Chimene ndikutsutsa ine tsono si mantha, koma mantha opanda muyeso. Ine ndimaphunzitsa Jogalafe, ndipo chinthu choyamba chimene ndimauza ana a Fomu 1 akatambasula mapu nchakuti ayang'ane sikelo imene ili pansi pake. Popanda sikelo, Ntchisi ndi Cairo zitha kuoneka ngati midzi yoyandikana, popeza zonse zakwana pa pepala limodzi. Lamya ya m'manja ndi mapu opanda sikelo. Bomba logwa ku Gaza, nyumba yogumuka ku Kyiv, kulira kwa mfuti ku Khartoum, galimoto yoyaka ku Maputo ndi ndewu ya mavenda pa msika wa ku Lilongwe, zonsezi zimafika m'dzanja la munthu zili za msinkhu umodzi, motsatizana, kawirikawiri popanda tsiku kapena dzina la malo. Kale nkhani za kunja tinkazimva pa wailesi, wowerenga atayamba watchula mzinda ndi dziko lake, ndipo nthawi ya nkhani ikatha zinkatha. Lero zimatipeza m'munda, pa maliro, ngakhale pa mphasa usiku, wotumiza atangolembapo kuti "samalani abale". Munthu akaona makanema otere asanu kapena khumi asanadye nsima, mtima wake umaziphatikiza zonse nkuumba dziko limodzi lotchedwa "kunja", loyambira pa Mponela kukalekezera kumathero a dziko lapansi. Maputo ali pa mtunda woposa makilomita 1,000 kuchokera ku Lilongwe, koma pa lamya ya alamu anga adali kuseri kwa phiri.

Komatu musandimve molakwa, ngati ndikuti chisokonezo cha maiko ena sichitikhudza. Chimatikhudza ndithu, koma chimalowera khomo lina, limene ambiri sitiliyang'anira. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yaikulu. Dontho lililonse la petulo ndi dizilo limene limayendetsa minibasi ya pa Mponela limachita kubwera kuchokera ku madoko a Beira ndi Nacala ku Mozambique, ndi Dar es Salaam ku Tanzania, ndipo limagulidwa ndi ndalama zakunja. Russia italowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine pa 24 Febuluwale 2022, mitengo ya mafuta, feteleza ndi tirigu idakwera pa dziko lonse. Kuno kwathu ndalama zakunja zidali zitayamba kale kuperewera. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 idatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Pofika kumapeto kwa 2024 mizere ya galimoto pa malo omwetsera mafuta inkakhala usana ndi usiku, ndipo zipolowe za ku Mozambique zidangoonjezera vuto pa vuto linzake posokoneza njira za ku madoko aja.

Tsono taonani chimene kusowa kwa mafuta kumachita pa msewu. Galimoto zoyenda zimachepa, koma apaulendo sachepa. Mtengo umakwera, ndipo mpando wa anthu atatu umasanduka wa anayi, wachisanu pamiyendo. Dalaivala amene wachezera pa mzere usiku wonse kudikira mafuta, kukacha amafuna abweze nthawi imene yatayika, choncho amathamanga tulo tili m'maso. Wina amagula petulo wa m'zigubu kwa mavenda, nkuika chigubu china pansi pa mpando kuti akathire pobwerera. Ndalama imene ikadagula tayala latsopano yathera ku mafuta okwera mtengowo. Ndipo ulendo umene udayenera kutha masana umakatha usiku. Umo ndimo mmene nkhondo ya ku Ukraine ndi chisankho cha ku Mozambique zimamfikira mwana wa ku Malomo kapena ku Nambuma. Sizibwera ndi mfuti. Zimabwera ndi tayala lakutha ndi dalaivala wa tulo.

Zimenezi sindidaziwerenge m'buku. Akazi anga atachonderera, atsibweni a ana adatilola monyinyirika, ndipo tidapita. M'tawuni mudali bata. Tidaima pa mpanda wa Nyumba ya Malamulo, mtsikana wanga nkumafunsa ngati phungu wa kwathu ali ndi mpando wakewake m'menemo kapena amangokhala paliponse ngati m'tchalitchi. Chiliza tidachiona, nsapato tidagula, ndipo mnyamata adatichedwetsa powerenga galimoto zodutsa pa mlatho wa pa Area 18. Palibe amene adatiponyera mwala kapena kutiyang'ana kawiri. Vuto lidayamba titafika pokwerera cha m'ma 2 koloko masana. Minibasi ya ku Mponela idapezeka dzuwa litapendeka kwambiri, ndipo pa Mponela tidatsika kutada, mvula ikuwaza. Ya ku Ntchisi idali itatsala imodzi yokha, kagalimoto kopangidwira anthu 7, ndipo tidalowamo 11 osawerengera ana. Kumbuyo kudali chigubu cha petulo chotseka ndi pulasitiki, nyali yakutsogolo inkayaka imodzi, ndipo fungo la mafuta lidamsanzitsa mwana wanga tisanapite patali. Ndidamfungata ndikuyang'ana mdima, ndipo kunena zoona sindidachitepo mantha otere chikhalire kholo. Ndidadziwa bwino lomwe kuti ndikadayenera kukana kukwera, nkukagogoda kwa mphunzitsi mnzanga wa pa Mponela kuti tigone pomwepo. Sindidatero chifukwa cha manyazi: ndinkaopa kuti tikagona m'njira apongozi adzati, "Ndidanena ine." Tidafika amoyo, koma osati chifukwa cha nzeru zanga.

Apongozi adalondola kuti ulendowo udali ndi choopsa; adangophonya malo amene choopsacho chidabisala. Ine ndi digiri yanga ndidaphonya chimodzimodzi. Iwo ankati ku mzinda kuli moto, ine ndinkati kulibe, ndipo pa mkangano wonsewo palibe ndi mmodzi yemwe amene adafunsa za galimoto. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidanena mu lipoti lake la 2023 kuti ngozi za pamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni pa chaka, kuti ndizo zimatsogola pa kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29, ndiponso kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya ambiri. Zithunzi za ngozi nazo timatumizirana ndithu, koma timangoti "zachisoni" nkukwera galimoto yotsatira osayang'ana ndi matayala omwe. Ngozi ya pamsewu tidaizolowera ngati malungo, ndipo chinthu chozoloweredwa sichiopsanso ngakhale chikupha.

Palinso choopsa china cha m'tawuni chimene sichidikira kuti anthu akwiye. Pa 6 Julaye 2017, tsiku lokumbukira ufulu wa dziko lathu, anthu 8, ambiri a iwo ana, adafa popondana pa zipata za bwalo la masewero la Bingu ku Lilongwe. Padalibe chisankho, padalibe zionetsero. Lidali tsiku la chikondwerero ndi mpira. Kholo limene likuopa mzinda chifukwa cha zipolowe za maiko ena, koma nkulola mwana wamng'ono kulowa m'chinamtindi cha anthu okankhana pa chipata chopapatiza, silidadziwebe chimene liyenera kuopa.

Nanga masiku oyenera kukhala pakhomo alipo? Alipo, ndipo ubwino wake ngwakuti ambiri amadziwika asanafike. Malamulo a dziko lino amati ofuna kuchita zionetsero adziwitse bwanamkubwa kukadali maola 48, ndipo nyumba zoulutsira mawu zimalengeza tsiku lake, poyambira ndi pothera. Tsiku lotere si lopita ndi ana pakati pa mzinda, ngakhale oguba atalonjeza mtendere chotani, pakuti si iwo okha amene amabwera ku msonkhanowo; mu Juni 2025 tidaona anthu a zikwanje akukhapa ochita zionetsero ku Lilongwe masanasana. Tsiku lolengeza zotsatira za chisankho nalonso nlokhala pakhomo. Koma masiku otere pa chaka ngowerengeka. Mu Sepitembala 2025 mabanja ena amene ndimawadziwa adaimitsa maulendo onse poopa kuti za 2019 zibwereranso. Chisankho chidachitika pa 16, wogonja adavomera, ndipo mzinda udapitiriza ntchito zake. Sindikuwadzudzula pa kusamala kwawo m'masabata amenewo. Dandaulo langa lili pa amene akaimitsa ulendo kamodzi sakumbukanso kuuyambitsa.

Ulendo wodutsa malire ndi nkhani ina, ndipo apa ndimaima pamodzi ndi apongozi. Basi ya ku Johannesburg imatulukira pa Dedza kapena pa Mwanza, nkuoloka Zambezi pa Tete, kulowa m'Zimbabwe pa Nyamapanda, kudutsa Harare mpaka pa Beitbridge, ikuyenda usana ndi usiku. M'Disembala uja, munthu akadandiuza kuti akupita ndi ana kukadya Khirisimasi kwa bambo awo ku Joni podzera ku Tete, ndikadamgwira mkono, popeza masiku omwewo eni dzikolo zikwizikwi ankaoloka malire kuthawira ku Nsanje. Ndikadateronso kwa wopita ku Dar es Salaam chitangotha chisankho cha pa 29 Okutobala 2025, pamene boma la kumeneko lidaletsa kuyenda usiku ndipo intaneti idatsekedwa. Muyeso wanga ndi funso limodzi: zinthu zikatembenuka, ndithawira kwa yani? Ku Lilongwe ndili ndi azakhali ku Area 25, tinjira tachidule ndimatidziwa, chinenero nchanga, ndalama ya m'thumba mwanga imagula, ndipo zitavutitsitsa kwathu nkofika ndi pa njinga pomwe. Pa msewu wotsekedwa pakati pa Tete ndi Nyamapanda ndilibe ndi chimodzi chomwe mwa zimenezi.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa monga mphunzitsi. Ambiri amayesa kuti kusiya mwana pakhomo kulibe mtengo wake. Kuchokera pa boma la Dowa kapena pa Mponela kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 60 okha, koma ndikafunsa m'kalasi langa la Fomu 4 kuti ndani adapondako ku likulu la dziko lake, manja amene amakwera ngowerengeka, ndipo mwa owerengekawo ena adapitako podwazika matenda ku chipatala chachikulu cha Kamuzu, kumene adangoona khonde la wodi ndi malo ophikira. Ana amenewa amaloweza za nthambi zitatu za boma osaona ndi denga lomwe la Nyumba ya Malamulo. Adayamba kusoka ndi kusankha fodya ali aang'ono, koma sadaoneko okushoni ya ku Kanengo kumene thukuta la makolo awo limapatsidwa mtengo m'kanthawi kochepa. Ndege zopita ku bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi zimadutsa pamwamba pa minda yawo, koma sadaionepo ndege itaima pansi. Ndiye timadabwa akamayankha mafunso a mayeso ngati akunena za dziko la eni.

Wina ati zimenezi nzongosangalatsa maso, moyo ndiwo wofunika. Ndikuvomera kuti moyo ndiwo wofunika, ndipo nchifukwa chake ndikulimbikira. Mwana ameneyu ku tawuni adzapitabe. Akadzalemba mayeso a MSCE mudzi sudzamsunga. Adzapita kukafuna ntchito, kukayesedwa kuti alowe sukulu ya uphunzitsi kapena unamwino, kukatenga pasipoti, kapena kukakhala kwa wachibale. Adzapita yekha, ali ndi zaka 18 kapena 19, ndalama atamanga pa nsonga ya chitenje kapena atabisa m'sokosi, osadziwa kuoloka msewu wa galimoto zoyenda m'mizere inayi, osadziwa kusiyanitsa woitanira weniweni ndi wakuba wodzipereka kumnyamulira chikwama, osadziwa kuti bambo wa suti wolonjeza ntchito ya kunja, amene akuyamba ndi kupempha ndalama ya fomu, ndiye woyenera kumthawa koposa onse. Atsikana athu ndiwo amagwa m'mbuna zimenezi kwambiri, ndipo ndi iwo omwe timawakaniza ulendo poyamba. Pomsunga mwana m'mapiri sitidamchotsere ulendowo ayi. Tangousunthira ku tsiku limene ife sitidzakhalapo kuti timgwire dzanja. Inu amene mwangotsiriza sukulu ndipo mukuwerenga tsamba lino, ndikhulupirira kuti ena a inu mukuchidziwa chimene ndikunena, popeza mukukumbukira mmene miyendo idanjenjemerera tsiku loyamba lija mudatsika pa depoti ya ku Lilongwe muli nokha.

Ife a chigawo chino tili ndi sukulu ina ya nkhani imeneyi pakhomo pathu penipeni. Msasa wa Dzaleka ku Dowa, umene kale udali ndende ya andale, udatsegulidwa mu 1994 kuti usunge othawa nkhondo a ku Rwanda, Burundi ndi Congo. Udakonzedwera anthu osapitirira 12,000, koma chiwerengero chawo chidadzapitirira 50,000. Anthu amenewa ndiwo akudziwa tanthauzo lenileni la mawu akuti kunja kwaipa, pakuti adakuona ndi maso awo, ena adayenda ndi ana kumsana kudutsa maiko awiri kapena atatu, ndipo kumene adafikira kuti apume ndi kuno komwe ife tikuopa kuyendako makilomita 60. Lachiwiri msika wa pamenepo umadzaza ndi ogula ochokera kutali, ndipo chiyambire mu 2014 chikondwerero cha Tumaini chidakopa anthu a m'tawuni kubwera kudzamvera nyimbo mumsasa. Koma mwana wobadwira pa Dzaleka satuluka mwaufulu popanda chilolezo, ndipo mu Meyi 2023 boma lidasonkhanitsa othawa kwawo amene ankakhala m'mizinda nkuwabwezera kumsasako. Mwana ameneyo watsekeredwa ndi lamulo. Wathu ali ndi ufulu wonse woyenda m'dziko lake, koma tamtsekera ndi kanema wa ku Maputo.

Kwa aphunzitsi anzanga ndili ndi mawu apadera, ngakhale ndikudziwa kuti ena sawakomera. Chiyambire pamene sukulu zidatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ndi pamene kolera wa 2022 ndi 2023 adapha anthu oposa 1,700, kuimitsa ulendo wa ana kudasanduka yankho lapafupi pa chilichonse. Pa nthawi ya miliriyo kudali koyenera. Koma ndidakhalapo pa msonkhano umene ulendo wa kalabu ya Jogalafe udakanidwa ndi mawu akuti "ndi mmene zinthu zililimu", popanda wina kutchula kuti zinthu zake ndi ziti. Ndipo mwezi womwewo timu ya mpira idapita kukasewera ku sukulu ina itaimirira pa lole yopanda pogwira. Choopedwa pamenepo si ngozi ya mwana, koma mlandu umene ungagwere mkulu wosaina kalata. Nthawi imene komiti ya makolo imathera pokambirana za maiko akutali ikadathera poyang'ana matayala a galimoto yobwerekedwa, kufunsa ngati dalaivala wagona, kuwerenga mipando ndi mitu ya ana, ndi kulamula ola lonyamukira pobwerera, bwenzi ana athu ataona likulu lawo, ndipo bwenzi akubwerako.

Pa tchuthi cha Pasaka cha 2025 tidapitanso kukatsazika pakhonde lomwe lija. Ndidayamba ndi kuulula za usiku wa chigubu uja, zimene ndidali nditabisa miyezi inayi, ngakhale ndikukayika ngati adzukulu awo adachisunga chinsinsicho. Apongozi sadanene kuti adanena iwo. Adafunsa mwana wawo kuti tikwera chiyani, tinyamuka nthawi yanji, ndipo kukatidera tikagona kwa yani. Atamva mayankho adakhala chete kanthawi, kenaka adati nawonso apita, popeza Lilongwe adamuona komaliza Nyumba ya Malamulo ikadali ku Zomba. "Koma uwauze aphunzitsiwa kuti ya zigubu ine sindikwera, ndipo 1 koloko itipeze tili pokwerera." Pokwerera tidafikapo 1 koloko isanakwane, apongozi ali patsogolo mdzukulu ali kudzanja, ndipo kumudzi tidapeza mbuzi zisanalowe m'khola.